Mwabisa Nkhope, Nanga Citenge?

Vidiyo yake inali yaifupi, yosafika ngakhale mphindi imodzi. Anamwino atatu ovala zoyera anali kuvina m'khonde la kiliniki ina muno mu Lusaka, kukondwerera kuti nchito ya usiku yatha. Anavina bwino, ndisaname. Wina anali atagwira kapu ya tiyi, wina akuzunguza makiyi pa cala. Pansi pa vidiyoyo panalembedwa kuti anamwino nawo ndi anthu, amatopa ndipo amasangalala. Ndikanaiona pa foni yanga, ndikanamwetulira n'kupitirira.

Koma ndinaiona pa foni imene ndinalanda mnyamata wina wa giredi 10, nthawi ya phunziro langa, nditaona kuti mzere wonse wa kumbuyo ukuseka mobisa. Anawo sanali kuseka kavinidwe. Anali kuloza kumbuyo kwa ovinawo, kumene anthu asanu anakhala pa benchi kudikira pa windo. Amene anakonza vidiyoyo anayesako kusamala: pa nkhope iliyonse anaikapo kaemoji komwetulira. Koma pamwamba pa windo panali zilembo zitatu, ART, ndipo mu Zambia ngakhale mwana wa giredi 5 amadziwa mankhwala amene amatengedwa kumeneko. Ndipo mai wacitatu pa benchi anavala citenge cobiriwira ca maluwa acikasu, cosokedwa ndi leisi m'mphepete. Citenge cimeneco cinagulidwa kuno ku Kamwala ndi komiti ya kitchen party ina, ndipo azimai ocepa cabe ndiwo anacisoketsa cotero. Mwa iwo, mmodzi yekha ndiye amavala cibangili ca mkuwa kudzanja lamanzere. Mwana wake anali atakhala kutsogolo m'kalasi mwanga, akulemba manotsi, wosadziwa kanthu.

Pofika nthawi ya buleki anali atadziwa. Milungu iwiri yotsatira sanabwere kusukulu.

Nditapita kwao, amai ake anandipatsa mpando panja, iwo n'kukhala pa mkeka. Sanalire. Anangoti, "Ba ticha, zaka naini nikumwa mankhwala aya mwakacetecete. Apongozi anga sanali kudziwa, ku chalichi sanali kudziwa, mwana wanga ninali kuyembekeza kuti akuleko ndiye nimuuze neka. Manje onse adziwa cifukwa munthu wina anafuna kuvina." Anandiuzanso kuti anasamutsa fayilo yao kupita ku kiliniki ya mbali ina ya tauni, kumene kulibe wowadziwa. Amakwera mabasi awiri popita, awiri pobwera. Mwezi wina ndalama ya basi inasowa, tsiku lotenga mankhwala linawadutsa.

Kiliniki ija sindiichula, ndipo anamwino aja sindiwafunira zoipa. Ndikhulupirira kuti mpaka lero sadziwa zimene anacita. Izi ndizo zimandiopsa kwambiri. Munthu wankhanza timatha kumugwira ndi kumulanga, koma pano tili ndi anthu abwino, olimbika nchito, amene akhulupirira kuti akabisa nkhope ya wodwala ndiye kuti abisa wodwalayo. Nkhani yanga ndi yakuti cikhulupiriro cimeneco ndi cabodza. Wodwala sayenera kuoneka pa tsamba la namwino m'njira iliyonse, kaya nkhope yabisika kaya yosabisika, kaya wavomera ali pa bedi kaya sanavomere.

Ndiyambe ndi kucotsa cikaiko cimodzi. Sindili m'gulu la amene amati namwino asakhale pa Facebook kapena pa TikTok. Amenewo aiwala msanga. Kolera itabuka mu October 2023 n'kufika poipa mu January 2024, National Heroes Stadium inasanduka cipatala, ndipo ife aphunzitsi tinakhala kunyumba cifukwa masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January anatsegulidwa pa 12 February. Anthu opitirira 700 anamwalira m'dziko muno. Masiku amenewo mafoni athu anadzala ndi mabodza: wina akuti kacasu kamapha kolera, wina akuti ukapita ku stadium subwerako. Amene anandithandiza ine anali namwino wina amene anaima yekha kutsogolo kwa foni yake, atanyamula botolo la lita imodzi, n'kuonetsa mmene amasungunulira tumasupuni 6 twa shuga ndi theka la kasupuni ka mcere m'madzi owiritsa, ndi kucenjeza kuti zimenezo n'zongomugwiriziza wodwala panjira yopita kucipatala. Anakamba m'Cinyanja cathu ca mu Lusaka, cimene agogo anga anamva popanda womasulira. Vidiyo imeneyo ndinaitumiza ku gulu la makolo a kalasi yanga.

Anthu otere tikuwafuna ambiri. Pa intaneti padzala ogulitsa mankhwala amene akuti amaciritsa shuga, BP, kusabereka ndi HIV m'botolo limodzi. Anamwino akacokapo, bwalo lonse litsalira amenewo. Koma onani cinthu cimodzi pa vidiyo ya kolera ija: munalibe wodwala. Munali namwino, botolo, shuga ndi mcere. Inaphunzitsa zonse zofunika popanda kubwereka thupi la munthu aliyense. Ndiye kuti n'zotheka.

Nanga n'cifukwa ciani kubisa nkhope sikukwanira? Cizolowezi cimeneci tinacitengera kwa anthu okhala m'mizinda imene munthu angakhale zaka khumi osadziwa dzina la wokhala naye khomo loyandikana. Lusaka si wotero. Mzinda uno ndi waukulu pa mapu, koma ndi midzi yambiri yolumikizana. Ku Kabwata, ku Libala, ku Chilenje, ku Kamwala South, munthu timamudziwa ndi mayendedwe asanafike pafupi. Timadziwa mapatapata ake, cikwama cake, cipsera ca pa mwendo, kakhosomoledwe, duku la gulu lake la ku chalichi. Mwana amadziwa dzanja la amai ake ngakhale pa cithunzi cosaoneka bwino. Ndipo ngakhale cithunzi pasakhale, nkhani yokha imakwana. Namwino akalemba kuti, "Lero ndalandira kamtsikana ka zaka 16 kamene kanayesa kucotsa mimba, kanabwera ndi azakhali ake atavala yunifomu," iye amaona ngati sanachule munthu. Koma tsamba lake limaonetsa kumene amagwira nchito, tsiku lalembedwa pamwamba, ndipo ine mphunzitsi ndili ndi rejisita yoonetsa amene sanabwere tsiku limenelo. Anzake a m'kalasi safuna ngakhale rejisita. Zidutswa zitatu kapena zinai zimene pacokha sizinena kanthu, zikaikidwa pamodzi zimachula dzina.

Ena amayankha kuti, "Ine ndimapempha cilolezo." Tiyeni tione cilolezo cimeneco. Mai wagona pa bedi, wangobereka kumene, wasokedwa, sangathe kudzuka yekha. Amene waima pambali pake ndi foni ndi yemweyo amene adzabwera usiku ndi jekeseni ya ululu, yemweyo amene adzayankha kapena kusayankha akaitana. Akafunsa kuti, "Mami, nikopeko ka baby, ni kabwino maningi," mai uja anganene kuti iai? Ife a Zambia tinaleredwa kuti wovala yunifomu sitimutsutsa. Odwala athu ambiri amati "zikomo ba sister" ngakhale atakalipiridwa. Kuvomera kwa munthu amene akuopa kukana si kuvomera. Ndiponso mai uja wavomera ciani kwenikweni? Iye akuganiza za cithunzi cimodzi pa foni imodzi. Sakuganiza za screenshot, za gulu la WhatsApp la anthu mazana awiri, za tsamba la miseche limene lidzacitenga n'kulembapo mau ake, kapena za mwanayo akadzakula n'kupeza cithunzi cake ali wamaliseche cikuyendabe. Status imazimira pakapita maola 24, koma zimene anthu asunga sizizima. Madzi akatayika saoleka.

Wina anandiuza m'staff room kuti nkhani yanga ndi yacikale. Anati masiku ano HIV si cinthu cobisa, ndipo kubisa ndiko kumakulitsa tsankho. Mau amenewa ali ndi coonadi pang'ono, ndipo dziko lino lili ndi mbiri yonyaditsa pa kulankhula poyera. Mu 1987 Kenneth Kaunda anauza dziko lonse lapansi kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi AIDS, nthawi imene atsogoleri ambiri mu Africa sanafune ngakhale kuchula matendawo. Patapita zaka zocepa Winstone Zulu anaima poyera n'kunena kuti ali ndi HIV, woyamba kutero mu Zambia, ndipo anamenya nkhondo imeneyo mpaka imfa yake mu 2011. Koma anthu awiriwa anasankha okha. Anasankha tsiku, anasankha mau, anakonzekera zotsatira zake. Cimene cinapatsa mphamvu kulankhula kwao n'cakuti panalibe wowakankha. Kuulula za munthu wina iye asanafune si kulimbana ndi tsankho. Ndi kumuponya kwa atsankho iwe n'kupita kwanu kukagona.

Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti akulu 11 pa 100 alionse m'dziko muno ali ndi HIV. Kuwerengera kwake n'kosavuta: m'basi iliyonse yopita ku Chelstone, m'kwaya iliyonse, m'staff room iliyonse muli wina amene moyo wake wadalira kufika pa windo lija pa tsiku lake. Mankhwala amenewa amagwira nchito ngati munthu akumwa tsiku ndi tsiku. Akadumphadumpha, kacilombo kamaculukanso m'magazi, kangathe kuzolowera mankhwala, ndipo kangathe kupatsiridwa kwa ena. Conco ciliconse cimene cimapangitsa munthu kuopa kiliniki ya pafupi ndi kwao ndi nkhani ya umoyo wa dziko lonse. N'cimodzimodzi ndi wa TB, wa matenda a maganizo, mtsikana wofuna njira yolera, mwamuna wa matenda opatsirana pogonana, mai womenyedwa ndi mwamuna wake. Onsewa amafika kucipatala atamenyana kale ndi manyazi panjira. Akangoganiza kuti mwina pali foni ikujambula, amabwerera, n'kupita kwa wogulitsa botolo uja.

Malamulo alipo, ndipo ndi bwino kuti owerenga awadziwe. Data Protection Act ya 2021 imaika nkhani za umoyo wa munthu, wa thupi ndi wa maganizo, m'gulu la zinthu zofunika citetezo capadera. Nurses and Midwives Act ya 2019 inakhazikitsa Nursing and Midwifery Council of Zambia m'malo mwa General Nursing Council yakale, ndipo bungweli lili ndi mphamvu yolanga namwino kapena mzamba wophwanya mwambo wa nchito. Bungwe la anamwino a dziko lonse lapansi, International Council of Nurses, pokonzanso malamulo ake a khalidwe mu 2021 linachula mwacindunji kuti kusunga cinsinsi kumafikanso pa social media. Kwina zinthu zimafika patali. Mu December 2022, anamwino angapo a ku wodi ya amai oyembekezera pa Emory University Hospital Midtown ku Atlanta, m'dziko la America, anajambula vidiyo ya TikTok yochula zimene zimawanyansa pa odwala ao. Sanaonetse wodwala, sanachule dzina. Komabe patangopita masiku ocepa cipatalaco cinalengeza kuti salinso anchito ake, cifukwa mai aliyense amene anaberekerako anayamba kudzifunsa ngati amene anali kusekedwa ndi iye.

Koma sindifuna kuti tidalire malamulo okha. Lamulo limafika mocedwa. Mai wa citenge cobiriwira uja kuti akadandaule, ayenera kulemba dzina lake, kufotokoza matenda ake kwa anthu enanso acilendo, kutaya masiku a malonda ake, ndi kuneneza anthu amene mawa angawapeze pa windo. Nditamuuza kuti ali ndi ufulu wodandaula, anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Ba ticha, nikadandaula apongozi anga adzaiwala?" Ndinasowa cowayankha. Citetezo ceniceni ciyenera kukhala m'mutu mwa namwino cala cisanafike pa batani.

Ndipo asatinamize munthu kuti cinsinsi ca wodwala ndi mwambo wa azungu umene unabwera ndi mabuku. Agogo athu kum'mawa, ku Katete ndi ku Chadiza, anali ndi azamba zipatala zisanafike. Mai akalowa m'cikuta, zimene zacitika mmenemo zinali kuthera mmenemo. Mzamba anali kuona zonse, kumva zonse, ngakhale mau amene mai amatulutsa ululu ukafika pacimake, koma sanali kukazikamba pa citsime. Mzamba wa pakamwa sanali kuitanidwanso. Alangizi mpaka lero amaphunzitsa kuti za m'nyumba sizituluka, ndipo nthawi zina mwambo umenewu timaugwiritsa nchito molakwika, kubisa nkhanza zimene ziyenera kuululidwa. N'zodabwitsa kuti timasunga cinsinsi ca mwamuna womenya mkazi, koma ca mkazi womenyedwayo, atagona m'wodi nkhope itatupa, timacimwaza pa magulu. Umunthu wathu unadziwa kale kuti munthu wovula, wodwala, wofooka, amaphimbidwa. Mai akagwa pa msewu, azimai anzake amamasula zitenge zao n'kumuzungulira. Foni yabwera kudzacita zosiyana ndi zimenezo.

Tsopano ndifike pa mfundo yolimba kwambiri ya otsutsa, imene sindifuna kuizemba. Iwo amati, nanga zipatala zikasowa mankhwala, odwala akagona pansi, namwino mmodzi akasiyidwa ndi wodi yonse usiku, dziko lidzadziwa bwanji ngati anamwino satulutsa zithunzi? Kodi lamulo la cinsinsi silidzasanduka cingwe comangira pakamwa anchito kuti akuluakulu asacite manyazi? Nkhawa imeneyi ndi yeniyeni. Tonse tikumbukira kuti pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'dziko muno. Tikudziwa kuti olamulira, a cipani ciliconse, sakonda foni imene ili m'manja mwa munthu wamba. Bwana wa cipatala amene amakumbukira cinsinsi ca odwala pokhapokha namwino akaulula kuti panado yatha, ameneyo akuteteza mpando wake, ndipo tiyenera kumutsutsa.

Koma yankho lilipo, ndipo si lovuta. Jambulani shelefu yopanda mankhwala. Jambulani mpopi wouma, denga lodontha, ambulansi yokhala pa miyala, ndandanda ya anchito yoonetsa dzina limodzi pamene payenera kukhala maina anai. Lembani ciwerengero ca mabedi ndi ciwerengero ca odwala. Pitani ku ZUNO, bungwe lanu la anamwino, pitani kwa atolankhani, pitani kwa phungu wa dera lanu. Umboni wonsewu ndi wamphamvu, ndipo mulibe thupi la munthu. Agogo amene agona pansi m'khonde alakwiridwa kale kamodzi ndi boma limene silinawapatse bedi. Kuwajambula ali cigonere, citenge citasomphoka, ndi kuwalakwira kaciwiri, ngakhale colinga cikhale cabwino. Iwo anabwera kudzacira, sanabwere kudzakhala cikwangwani ca nkhondo yathu.

Palinso njira ina imene zinsinsi zimatulukira popanda wina kuposita. Anamwino ndi madokotala amatumizirana zithunzi za zilonda, za X-ray ndi za mafayilo pa WhatsApp kuti afunsane nzeru, ndipo m'dziko limene akatswiri ndi ocepa, zimenezi zapulumutsa anthu. Sindikunena kuti zileke. Koma cithunzi cija cimatsala m'foni, pakati pa zithunzi za ukwati ndi za ana. Madzulo mwana amatenga foniyo kuti asewere. Loweruka foni imafa, imapita kwa wokonza pa Katondo Street pamodzi ndi password yake. Tsiku lina imabedwa pokwera basi pa City Market. Kodi ndi angati amene amaphimba dzina pa fayilo asanajambule, ndi kufafaniza cithunzi funso likayankhidwa? Boma linaika SmartCare kuti mbiri ya odwala isungike m'makompyuta motetezeka, koma citseko ca kutsogolo cikakhala ndi loko pamene windo la kumbuyo lili pululu, wakuba sasowa polowera.

Mu 2022 boma linalemba nchito anthu a zaumoyo opitirira 11,000 ndi aphunzitsi opitirira 30,000. Cinali cinthu cabwino. Ambiri mwa iwo ndi acinyamata, ang'ono kwa ine, amene anakula foni ili m'manja, amene kwa iwo cinthu cimene sicinajambulidwe cili ngati sicinacitike. Ambiri anadikira nchito zaka zingapo, ena akugwira mongodzipereka popanda malipiro, ndipo yunifomu ija ndi cipambano ca banja lonse. Ndimamvetsa cifukwa cake amafuna kuionetsa. Ndimamvetsanso kuti munthu amene wagwira maola khumi ndi awiri, waona imfa, wanyozedwa ndi abale a wodwala, amafuna pena potulutsira mpweya. Vinani, ba sister. Muli ndi ufulu wonse. Koma vinani ku tea room, vinani panja pa geti, vinani kunyumba. Musanajambule, tembenukani muone amene ali kumbuyo kwanu ndi zimene zalembedwa pa khoma.

Tifunsenso funso limene sitikonda: kodi ndi matupi a ndani amene amaoneka m'mavidiyo amenewa? Ine sindinaonepo bwana wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands ali pa drip m'cipatala colipira, kumbuyo kwa namwino wovina. Kumeneko aliyense amadziwa kuti wodwala ali ndi loya, kapena ali ndi mlamu ku unduna. Amene timawaona ndi amai ogulitsa tomato, agogo ocokera kumudzi, mwana wa m'komboni wotupa mimba. Ndiye kuti nzeru yosajambula tili nayo kale, koma timaigwiritsa nchito kwa amene timawaopa. Ngati ulemu umaperekedwa kwa okhawo amene angatilange, umenewo ndi mantha cabe. Namwino aliyense angadziyese ndi funso limodzi: munthu ameneyu akanakhala mkazi wa nduna, kapena akanakhala amai anga ondibala, kodi ndikanatulutsa foni?

Ndingakhale wacinyengo ngati nditaloza anamwino okha. Vidiyo ija siinafike m'kalasi mwanga ndi miyendo. Inadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri, ndipo wina mwa iwo, mwina mnansi, mwina mnzao wa ku komiti ija, ndiye anaimitsa vidiyo, kukulitsa cithunzi, kuzunguliza citenge ndi mzere wofiira, n'kutumiza. Ife ndife msika wa zinthu zimenezi. Ngozi ikacitika pa Great East Road kapena pa Kafue Road, mafoni amafika ambulansi isanafike, ndipo mabanja ambiri amva za maliro pa Facebook mkulu wa banja asanagogode pakhomo. Timalemba kuti "MHSRIP" pansi pa cithunzi ca mtembo wosaphimbidwa n'kuona ngati tapepesa. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Ndipo ife aphunzitsi tili mumlandu womwewo. Ndivomere pano. Caka canga caciwiri pa nchito ndinajambula yankho loseketsa limene mwana wina analemba pa mayeso, ndinabisa dzina ndi cala, n'kuika pa status. Anzanga anaseka, ine ndinamva bwino. Mawa lake kalasi yonse inali itazindikira kalembedwe kake. Mnyamata ameneyo sanakwezenso dzanja mpaka caka cinatha. Ndinabisa dzina, ndinaiwala kuti kalembedwe nako ndi nkhope. Conco pamene ndikukamba ndi anamwino, ndikukamba ngati munthu amene anagwa m'dzenje lomwelo. Nchito zathu ziwirizi n'zofanana pa cinthu cimodzi: anthu amabwera kwa ife ali osadziteteza, wina ndi umbuli wake, wina ndi matenda ake, ndipo amationetsa zimene sangaonetse munthu wina. Zimenezo amatibwereka kuti tiwathandize, sakutipatsa kuti zikhale zathu.

Zimene ndikupempha si zodula. Makoleji a unamwino, amene aculuka kwambiri mu Lusaka, aphunzitse nkhaniyi ndi zitsanzo za kuno, za citenge, cibangili ndi cikwangwani ca pa khoma, osati kungoloweza tanthauzo la confidentiality kuti munthu akhoze mayeso. Nursing and Midwifery Council of Zambia ndi unduna wa zaumoyo aike malangizo acidule pa khoma la kiliniki iliyonse, m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga ndi m'zinenero zina, ouza wodwala kuti palibe wololedwa kumujambula ndi foni yake ya m'thumba, ndi kumuuza kokadandaula popanda kudutsa pa desiki ya amene wamulakwira. Lamulo limenelo likhudzenso abale a odwala, azibusa obwera kudzapemphera, andale ndi mabungwe obwera ndi mphatso, amene amakonda kujambulitsa atagwira paphewa la wodwala amene sanamufunse. A sister-in-charge akhale oyamba kunena kuti m'wodi, m'khonde ndi pa mzere simujambulidwa kanthu. Ndipo anamwino amene ali ndi otsatira ambiri, amene acinyamata amawatengera, anene poyera kuti pa tsamba lao wodwala saonekapo. Mau ao adzamveka kuposa sekyula iliyonse.

Kwa ife ena, nchito ndi imodzi. Cithunzi ca wodwala cikafika pa foni yanu, cithere pamenepo. Musacitumize, ngakhale ndi mau akuti "onani zoipa izi". Muuzeni amene watumiza kuti acicotse, ngakhale akhale mkulu wanu. Zimawawa pang'ono kukhala munthu wosokoneza cisangalalo ca gulu, koma n'zopepuka poyerekeza ndi mabasi anai.

Mtsikana uja anabwerera kusukulu. Tinakambirana ndi aphunzitsi a uphungu, anyamata aja tinawaitanira makolo, ndipo kalasi yonse tinakhala nayo pansi. Tsopano amakhala kumbuyo, pafupi ndi citseko, ndipo belu likalira amakhala woyamba kutuluka. Masamu akukhozabe. Amai ake ndinakumana nawo mwezi watha pafupi ndi msika wa Luburma, atasenza katundu wa malonda. Tinapatsana moni, anandiuza kuti mankhwala akumwa bwino ndipo ndalama ya basi tsopano amaipatula mwezi ukangoyamba. Nditawafunsa za citenge cija anati anacipereka kwa wacibale wa kumudzi. Cinali cokongola, ndipo anali atacivala kawiri cabe.